Anamfedwa a Tikiti

"Kuphiri ayi, Peilan. Ndinakuuza chaka chatha, ndakuuzanso pafoni dzana. Ukufuna ndichite kukulembera pakhoma?"

Dehai ankalankhula osamuyang'ana mlongo wakeyo. Anali pakampando pakhomo pa nyumba ya bambo awo, akumata ndi guluu malupanga apulasitiki amene anamfedwa anathyola sabata yapitayo. M'nyumbamo mkazi wake Cuiying ankasita madiresi oyera, chitseko atachisiya chotsekula kuti pasapezeke mawu omudutsa.

Anamfedwa ndi dzina limene anthu a m'mudzi wa a Zeng anawapatsa alendo awo. Chijambulireni filimu yomaliza ya Kalonga wa Phulusa paphiri la kuseri kwa mudziwo, mabasi sankatha pabwalo la sukulu yakale. Munkatsika atsikana ndi anyamata a m'mizinda yakutali, mabuku asanu a nkhaniyo ali m'zikwama. Ankabwereka zovala zoyera ndi zipewa za nsalu yophimba nkhope, n'kugula tikiti, n'kukwera kukalira pamanda a Kalonga. Mandawo anamanga ndi ojambula filimu, a simenti, opakidwa utoto kuti aoneke akalekale. Munalibe ngakhale fupa la nkhuku. Koma phiri lomwelo ndi limene a Zeng ankaikako akufa awo, ndipo mayi ake a Peilan anagona komweko, kumunsi pang'ono kwa Kalongayo.

"Achimwene, sindikupempha munda," anatero Peilan. "Ndikupempha kugwada pamanda a amayi kamodzi kokha, asanawafukule."

Za kufukulazo zinamveka mwezi womwewo. Kampani yoyendetsa phirilo inkafuna kukulitsa masitepe, ndipo akuluakulu a banja anavomera kuti nyengo yosesa manda ikangodutsa, mafupa a mbali imeneyo aikidwe m'mitsuko n'kukasungidwa m'nyumba ya makolo. Kiyi wa nyumbayo ankasunga ndi amuna. Peilan manda a mayi ake anali asanawaonepo. Tsiku la maliro anamubweza pamlatho pamodzi ndi ana aakazi ena okwatiwa kwina, bokosi n'kupitirira.

Dehai anafotokoza modekha, ngati akuuza mwana kuti moto umatentha. Lamuloli sanalipange ndi iye, analipeza. Mwana wamkazi akakwatiwa ndi madzi otayidwa pabwalo. Akabwera kudzasesa manda a kwawo, amasesera mwayi wa alongo ake kunyumba kwa mwamuna wake. Kodi iye sankaona mmene zinthu zasinthira? Kale ankangodalira masamba a tiyi a m'munda, lero ali ndi sitolo yobwereketsa zovala, galimoto ili panja apo, mwana wamkulu ali kusukulu ya m'tauni. Zonsezo zachokera kuphiri, chifukwa makolo anagona pabwino ndipo palibe wawasokoneza.

"Mwayi wanu wachokera kwa munthu amene sanabadwe n'komwe," anatero Peilan. "Muzithokoza wolemba mabuku."

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu." Mawu a Cuiying anatuluka limodzi ndi nthunzi ya simbi. "Kwa a Liao kumene munakwatiwako manda alipo ambirimbiri. Mukasese kumeneko mpaka msana uthyoke."

"Ndimasesa chaka ndi chaka. Koma amene anandibereka ali kuno. Chibale ndi fupa, alamu, sichiola."

"Fupalo ndi la a Zeng."

"Pamene amayi ankadwala, madzi otayidwawa ndi amene ankawasambitsa. Nthawi imene ija palibe ananena kuti ndikukokolola mwayi wa munthu."

Dehai anaika lupanga pansi n'kupukuta zala pabuluku. Ananena kuti zimenezo palibe akuzikana, banja linathokoza, ndipo lidzathokozabe. Koma kusamalira wodwala ndi nkhani ina, manda ndi nkhani inanso. Cuiying anawonjezera kuti anthu ena akachita chabwino chimodzi amafuna achiimbire ng'oma mpaka kufa.

Apa ndi pamene Peilan ananena chimene anabwerera. Maso a mayi atayamba kutha, iye ankawawerengera mabuku a Kalonga masana aliwonse, kuyambira loyamba mpaka lachinayi. Mayiwo dzina la Kalonga sankalitchula. Ankangoti "mnyamata uja", ndipo ankamukalipira ngati wobereka okha: akuyenderanji m'chisanu wopanda chofunda, akulekeranji kumuuza zoona mtsikana wa chipewa uja kuti amamukonda. Anamwalira buku lachisanu lisanatuluke. M'masiku awo omaliza anamugwira dzanja Peilan n'kumuuza kuti likadzatuluka adzawauze ngati mnyamata uja anafika kwawo.

Dehai anaseka, koma osati mwankhanza. "Uwauze uli kwanu konko. Akufa amamva paliponse."

"Ngati amamva paliponse, inu mumakwereranji phiri?"

Bambo awo anali pakona akusenda mtedza. Makutu a bambowo ankafa pa nthawi yoyenera, n'kudzuka chakudya chikapsa. Peilan anawaitana, anawaitananso. Potsiriza anadzutsa mutu n'kunena kuti kumwambaku kwada, asaphonye basi.

Kwa a Liao kunali kumunsi kwa mtsinje, midzi ingapo kuchokera kwa a Zeng. Mwamuna wake Fusheng, woyendetsa lole, anamva nkhaniyo akudya n'kunena kuti za a Zeng n'za a Zeng, iye asalowetsedwemo. Sanali munthu woipa. Ankangokonda mtendere kuposa mkazi wake pang'ono.

Masiku otsatirawo Peilan anachita zonse zimene mtengwa amachita nyengo yosesa manda. Anathyola masamba onunkhira m'mbali mwa minda, anawasinja ndi ufa wa mpunga, n'kuphika timikate tobiriwira todzaza dengu. Anakwera ndi a Liao kumanda a kwawo. Anazula udzu pamiyala ya anthu amene anamwalira iye asanabadwe, anawathirira mowa wa mpunga, anawatenthera ndalama zamapepala, n'kudzitchula dzina monga mwa mwambo kuti adziwe amene wawabweretsera. Apongozi ake anamuyamikira kuti amagwada bwino.

Akapeza mpata ankatsegula foni n'kuonera mavidiyo amene anamfedwa ankaika. Za Kalonga analibe nazo ntchito. Ankadikira pamene mkono wa wojambulayo watopa, foni n'kupendekera kumbali. Pamenepo ankaimitsa vidiyo n'kukulitsa chithunzi ndi zala. Pakati pa mitengo ya paini pankaoneka timiyala totuwa, tosawerengeka zilembo. Ankasankha kamodzi n'kunena mumtima kuti amayi ndi amenewa. Mawa lake ankasankha kena.

Anamfedwawo sankadana nawo. Iyenso buku lachisanu analilirira ali yekha kukhitchini, mpaka mpunga kupserera. Chimene chinkamudya n'chakuti ana aakazi a anthu onse m'dzikomo ankaloledwa kukalira paphiri la kwawo, kupatula iye mwini.

Tsiku lina anaimbira bambo ake, podziwa kuti masana Dehai ndi Cuiying amakhala kusitolo. Pafoni makutu a bambowo ankamva bwinobwino. Anadandaula za mawondo, za phokoso la mabasi, za alendo amene amawajambula akudya ngati nyani. Peilan atatchula za manda, bambowo anati mayi a Peilan nawonso anali mtengwa, kwawo sanakasesekopo, ndipo sanamve akudandaula. Peilan anafuna kufunsa ngati anawafunsapo, koma anameza.

"Ndiponso kulibe choona," anapitiriza bambowo. "Ndi kamwala chabe. Kumanzere kwa masitepe, pamene pali paini wopindika uja. Ine ndi mawondo angawa ndinasiya kalekale kufikako."

Atatero anadula foni osatsanzika.

Madzulo a tsiku lomwelo Peilan anaona vidiyo ya atsikana ambiri akukwera masitepe, onse m'zoyera, onse m'zipewa. Anayesa kuona nkhope ya mmodzi, zinakanika. Anabwereza vidiyoyo. Ngakhale mayi wobereka sakanaloza kuti wanga ndi uyu. Anaika foni pansi n'kupita kukaona ngati ufa wa mpunga unatsalako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anasankha tsiku lotsatira a Zeng atasesa kale manda awo, lomwenso m'mabuku ndi tsiku limene Kalonga anafa. Mabasi anandanda mpaka pamsewu waukulu. Peilan anavala masiki ndi magalasi a dzuwa ngati alendo ena, n'kuima pamzere wa kusitolo ya Cuiying, chifukwa zipewa zake ndizo zinali ndi nsalu yokhuthala kuposa za ena onse. Tsiku ngati limeneli Cuiying sankayang'ana nkhope za anthu. Ankayang'ana foni ya munthu ngati yalipira. Anamuponyera diresi ndi chipewa, anamutchula "wokongola iwe" monga ankatchulira aliyense, n'kuitana wotsatira.

Pageti panali bambo aang'ono ena a banja, amene ankamunyamula paphewa ali mwana. Anaona tikiti yake n'kumuuza kuti walandiridwa, ayende bwino, asamale masitepe akuterera.

Pokwera anayenda pafupi ndi mtsikana wina wa kumpoto, amene anagona m'sitima kuti afike tsiku lenilenilo. Mtsikanayo ankapuma movutika koma pakamwa sipankapuma. Mabuku aja anamusunga, anatero, chaka chimene anali yekha mumzinda wachilendo, wopanda ntchito, wopanda woti amuimbire. Anafunsa Peilan buku limene amalikonda. Peilan anati lachiwiri, pamene Kalonga abwerera kunyumba ya mayi ake n'kupeza udzu utamera pamalo ophikira. Mtsikanayo anamufinya mkono n'kunena kuti ambiri amakonda a nkhondo, koma wokonda lachiwiri ndiye wokonda weniweni.

Pamwamba, maluwa pamanda a Kalonga anali atafika m'chiuno. Panali makeke, makapu a tiyi wa mkaka, zidole, ngakhale chofunda chaubweya chimene wina analuka. Anthu ankalira zenizeni, ena mogwirana. Peilan anaima nawo pang'ono, kenako anatsika masitepe angapo, anaona paini wopindika, n'kudumpha chingwe.

Manda a mayi ake anali aang'ono kuposa mmene ankaganizira. Pamwala panalembedwa kuti mayi wa banja la Zeng, wobadwa kwa a Qiu. Dzina lawo lenileni panalibe. M'munsi munali mayina a amene anawasiya: Dehai, mkazi wake, ana awo aamuna awiri. Peilan anawerenga mpaka pansi, ngakhale ankadziwa kale kuti mzerewo uthera pati.

A Dehai anali atasesa mothamanga, alendo akuwadikira kusitolo. Udzu anameta kutsogolo kokha. Zilembo sanazibwereze utoto wofiira. Kuseri kunali makapu apulasitiki amene anthu ankaponya ali pamasitepe. Peilan anatola makapuwo, anazula udzu ndi manja, anapukuta mwalawo ndi mkono wa diresi. M'mikono ikuluikulu ya diresilo anatulutsamo timikate tobiriwira, lubani, ndi kabotolo ka mowa.

"Mayi, kuno alendo saloledwa. Manda a Kalonga ali kumtunda uko."

Masiku odzaza chonchi Dehai ankavala kansalu kofiira pamkono n'kumalondera zingwe. Anafika pafupi n'kuima. Anayang'ana timikate tija, anayang'ana manja odzaza dothi. Munthu amene unakula naye mbale imodzi sabisika ndi nsalu.

"Peilan," anatero chapansipansi.

Pachingwe anthu anali atayamba kusonkhana. Wina ananena kuti ndi sewero la kampani, mtsikana wa chipewa akuika maliro, ndipo mafoni anakwera m'mwamba. Dehai anawerama ngati akutola chinyalala.

"Usachotse chipewacho. Ndinena kuti ndi mlendo, wasochera, wasokoneza manda. Mlendo sakokolola kanthu. Yatsa lubani wakoyo, umalize, utsike. Palibe adziwe, ngakhale mlamu wako."

Peilan anamuyang'ana kudzera munsalu ija. Thukuta linali kamukamu pachipumi pake ngakhale kunkazizira. Mlongo wakeyo sankanamizira, ankaopadi. Ndipo chichitikireni ukwati wake, Dehai anali asanamupatsepo chinthu chachikulu kuposa chimenechi.

"Nanga amayi adziwa bwanji kuti ndine?"

"Adziwa. Mayi sasowa mwana wake."

"Maso awo anali atatha, achimwene. Mwaiwala? Ngakhale inu mukalowa ankafunsa kuti ndani ameneyo, mpaka mudzitchule."

"Ukachotsa, onsewa akujambula. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala utaona. Akuluakulu ndikawauza chiyani ine? Pakhomo paja sudzapondanso, Peilan. Ndipo sindidzakhala ine ndekha wokuletsa."

"Ndamva."

"Bambo akalamba. Ukufuna udzamve pafoni?"

Zimenezo zinamulowa. Manja ake anaima pachingwe cha chipewa, pansi pa chibwano. Anaganiza za bambo ake ndi mtedza wawo, za kampando ka pakhomo, za chipinda chimene ankawerengeramo mabuku masana dzuwa likulowera pazenera. Kenako anayang'ana mwala uja, ndi mzere wa mayina umene unathera pa mwana wa Dehai.

Anamasula chingwecho, anaika chipewa paudzu, anachotsa masiki ndi magalasi. Mphepo ya paphiri inamuwomba kumaso. Anayatsa lubani, anathira mowa pansi, anagwada n'kugunditsa chipumi padothi.

"Amayi, ndine Peilan, mwana wanu wamkazi. Ndachedwa, koma ndabwera."

Mawu ake anakhazikika ngati masana aja ankawawerengera mabuku.

"Mnyamata uja sanafike kwawo. Anatsala pang'ono, utsi wa m'mudzi mwawo ankauona. Mtsikana wa chipewa uja ndi amene anamuika, yekhayekha, ndi manja ake. Koma zoona zija anamuuza, amayi. Anamuuza asanafe. Munkangodandaula pachabe."

Atayamba sanathe kusiya. Anawauza kuti mdzukulu wawo wamkazi wayamba sukulu ndipo ndi wamakani, kuti denga la khitchini kwa a Liao likudonthabe, kuti timikate take sitikoma ngati tawo ngakhale atachita zotani. Anawauza kuti akubwera anthu kudzawasamutsa, asadzadzidzimuke. Dehai anaimirira, anatembenuka, n'kupita pachingwe atatambasula manja.

"Palibe choona kuno. Awa ndi manda enieni. Kwerani, kwerani."

Mafoni ena anatsika mwamanyazi, ena ayi. Pamene lubani anatha Peilan n'kudzuka, mlongo wake anali kutali pamasitepe, atamufulatira.

Vidiyo inafika m'mudzi iye asanafike. Bambo aang'ono a pageti anapeza choyang'ana kumbali. Amayi ogulitsa m'timasitolo ankasiya kulankhula akamadutsa, n'kuyambiranso kumbuyo kwake. Cuiying anali atamudikira pakhomo pa sitolo, manja m'chiuno.

"Musandipatse chimenecho. Chagwada pamanda enieni, chanunkha lubani wa maliro enieni. Abwereke ndani? Tengani mukatenthe kwanu."

Anakweza mawu kuti oyandikana nawo amve bwino. Anati munthu wosayamika amalowa ngati mlendo n'kutuluka ngati mbala. Anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo sitoloyi ikadzagwa, kapena mwana akadzalephera mayeso, akudziwa khomo limene adzagogode. Anati a Liao akonzeretu nkhokwe, mwayi wa a Zeng uli panjira. Oyandikana nawowo atakhuta anabwerera kwa alendo awo.

Peilan anavula diresi lija pamwamba pa zovala zake n'kuyamba kulipinda. Pamawondo panali dothi lofiira. Cuiying anamugwira pamkono n'kumukokera mkati, kuseri kwa madiresi opachikidwa, ngati akufuna kukapitiriza kukalipa. Kumeneko, pakati pa nsalu zoyera, anamusiya mkono. Anayamba kuwongola diresi lina limene linali lowongoka kale.

"Unawauza amayi?"

Aka kanali koyamba Cuiying kumutchula kuti iwe akudziwa kuti ndi iye.

"Ndinawauza."

"Zimakhala bwanji? Ukamalankhula, zimaoneka ngati akumva?"

"Sindikudziwa, alamu. Koma sindinafune kudzuka."

Cuiying anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ananena, maso ali pa diresi lija, kuti ake mayi anamwalira iye ali ndi pakati pa mwana woyamba. Woyembekezera safika pamaliro, ndiye alongo ake anamuimbira ataika kale. Akuti manda awo ali kumtunda kwa munda wa malalanje, pafupi ndi thanthwe. Akuti m'mawa pamawomba dzuwa. Akuti.

Peilan anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwake.

"Ndikusiyireni ichi, nanunso mukawaone anu?"

Cuiying anachiyang'ana nthawi yaitali. Anagwira nsalu yake ndi zala ziwiri, monga amachitira poyesa ngati ndi yokhuthala, kenako anachikankhira kwa Peilan.

"Pita nacho. Kwathu sanajambuleko filimu."